Ndalama ibwera kamodzi pachaka, ngongole ibereka mwezi ndi mwezi: mafunso ndi mayankho

Kuyambira ku Mvera mpaka ku Madisi, kuchokera ku Nambuma kukafika ku Malomo ndi kwa Nthondo, nkhani ya ngongole imayenda mofanana. Banja lakolola soya, mtedza, chimanga, mwinanso fodya. M'Meyi ndi m'Juni ndalama ikuoneka. Pofika Januwale bambo ali pakhomo pa wakatapila, mayi ali kubanki mkhonde kupempha kuti awaonjezere masiku. Anthu ake si aulesi ayi. Aliyense amene anakwerapo mapiri a Dowa ndi Ntchisi m'dzinja amadziwa thukuta limene limathera m'mizere ya kumeneko. Vuto lagona pakuti mlimi amalandira kamodzi pachaka, pamene chiwongoladzanja chimawerengedwa mwezi uliwonse. Nawa mafunso amene amabuka nkhani ya bajeti ikayambika m'makalabu a alimi ndi m'magulu osunga ndalama.

Kodi bajeti ya pamwezi si ya anthu apantchito? Ife alimi mwezi ukatha palibe amatilipira.

Wapantchito akalakwitsa mwezi uno amakonza mwezi wamawa, poti malipiro ena akubwera. Mlimi wa kwa Chilooko kapena kwa Dzoole alibe mwayi umenewo. Akalakwitsa m'Juni, kulira kwake n'kwa mpaka Epulo. Choncho pa awiriwa, wofunika bajeti kwambiri ndi mlimi.

Kusiyana kwake n'kwakuti bajeti ya mlimi imayambira pachaka, kenako n'kutsikira pamwezi. Ndalama ya soya ikalowa m'thumba imaoneka yambiri, koma eni ake ndi ambirinso. Mmenemo muli feteleza wa Novembala, yunifolomu ndi makope a Sepitembala, ya kuchigayo ya Febuluwale, ndi ya aja munawabwereka chaka chatha. Ntchito ya bajeti ndi kupatsa aliyense gawo lake sabata yomweyo ndalama yafika, zotsalazo n'kuzidula m'miyezi 12, kuti muzidzilipira nokha mwezi ndi mwezi monga momwe boma limalipirira mphunzitsi. Mwezi ukafika mumatapa gawo la mwezi umenewo basi. La mwezi wamawa silinakhale lanu.

Tsono poyambira ndi pati?

Pa kope ndi cholembera. Musanalembe za sopo ndi mchere, lembani ngongole zonse, ndi zomwe zija mumachita nazo manyazi. Pa ngongole iliyonse paoneke mwini wake, ndalama imene yatsala lero, chiwongoladzanja chake pamwezi, tsiku lobweza, ndi chikole ngati munapereka.

Zikuluzikulu sizivuta kukumbukira. Zimene zimathawa m'mutu ndi zing'onozing'ono: shuga ndi sopo wa paokala, Kutapa ndi Pasavute wa pafoni, ganyu amene munadyeratu ndalama yake musanalime, ndowa ziwiri za chimanga zimene munabwereka m'Febuluwale mutalonjeza kubweza zitatu. Ndowa yachitatuyo ndi chiwongoladzanja cha K50 pa K100 iliyonse, ngakhale pobwerekana palibe anatchula mawu amenewo. Mukaonkhetsa, ena mudzapeza kuti ngongole ndi yaikulu kuposa momwe munkaganizira, ena kuti ndi yocheperako kuposa imene inkakusowetsani tulo. Nonse mwapindula, chifukwa nambala imene mwaiona ndi maso mutha kuikonzera njira.

Ndili ndi ngongole zinayi kapena zisanu. Ndiyambe kubweza iti?

Mtima umathamangira kwa amene akubwera pakhomo m'mamawa uliwonse. Koma yoyamba kutha ikhale imene ikubereka msanga, ndipo kuno kwathu imeneyo ndi ya katapila. Taonani masamu ake. Mwatenga K60,000 pa chiwongoladzanja cha K50 pa K100 iliyonse pamwezi. Mwezi woyamba ukatha muyenera kubweza K90,000. Mukalephera, mwini ndalama n'kuwerengera chiwongoladzanja pa yonseyo, mwezi wachiwiri yafika K135,000, wachitatu K202,500. Palibe munda wa soya, palibe geni ya mandasi kapena ya tomato imene imapindula pa liwiro limenelo. Mu Febuluwale 2024, Reserve Bank of Malawi itakweza chiwongoladzanja chimene mabanki amayendera kufika pa 26 pa 100, amalonda a m'tauni anadandaula kuti ngongole yakwera mtengo. Komatu imeneyo ndi ya pachaka. Wakatapila amatenga pafupifupi kawiri kake pamwezi umodzi.

Yachiwiri ndi ngongole iliyonse imene munaikira chikole chinthu chokudyetsani: munda, ng'ombe zapangolo, njinga ya kabaza, makina osokera. Chimenecho chikapita, yapitanso njira yobwezera ngongole zina zonse. Kenako pabwere banki mkhonde ndi mabungwe obwereketsa ndalama. Zopanda chiwongoladzanja, za achibale ndi za paokala, zidikire pobweza, koma eni ake akhale oyamba kumva kuchokera kwa inu. Pitani nokha musanaitanidwe. "Alamu, ndalama yanu ija sindinaiwale. Ndiyamba Okutobala, K10,000 mwezi uliwonse." Mawu otere, ndalama yoyamba n'kufikadi pa tsiku lake, amasunga chibale. Chimene chimapha chibale ndi kulambalala nyumba ya mwini ndalama.

Tationetsani ndi manambala momwe bajeti yotere imaonekera.

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu. Titenge banja la anthu 6 kufupi ndi Malomo. Lagulitsa soya, mtedza ndi mabelo ochepa a fodya, ndipo zonse zodulidwa zitachoka, m'manja mwatsala K1,500,000. Chimanga chodya chili padera. M'kope mwalembedwa ngongole zinayi: katapila K90,000, banki mkhonde K180,000, paokala K30,000, kwa alamu K80,000.

Sabata yoyamba banjali lipereka K270,000 kwa wakatapila ndi kubanki mkhonde, ngongole ziwiri zoberekazo n'kutheratu. Zatsala K1,230,000. Pamenepo lipatula K600,000 ya feteleza ndi mbewu, K150,000 ya zofunika kusukulu pa materemu atatu, ndi K60,000 ya matenda ndi zina zadzidzidzi. Zotsala ndi K420,000. Mukazigawa m'miyezi 12 mupeza K35,000 pamwezi. Tinene kuti dimba ndi kageni ka mayi zimabweretsa K25,000 pamwezi. Ndiye kuti malipiro a banjali ndi K60,000.

Pa K60,000 imeneyo, kuchigayo kupite K8,000, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi machesi K18,000, ndiwo zogula, monga usipa ndi bonya, K12,000, mayunitsi ndi kutchajitsa foni K3,000, maulendo K4,000, chopereka ndi chipepeso K5,000. Yotsala K10,000 ndi ya ngongole, ndipo imeneyi ichoke tsiku loyamba la mwezi, zina zisanagulidwe. Mukaisiya kuti idzakhale yotsala kumapeto, siidzatsala. Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala ipite paokala, ngongole ya K30,000 yatha. Kuyambira Okutobala mpaka Meyi ipite kwa alamu, K80,000 yatha. Banjali lifika pa kukolola kwina lopanda ngongole.

Sindikubisirani, K60,000 pamwezi pa anthu 6 ndi moyo wothina. Nyama idzakhala ya apo ndi apo, chitenje chatsopano chidzadikira. Koma taganizirani kuti banjali likanasiya ngongole ziwiri zija ziyende, ya katapila pa K50 ndi ya kubanki mkhonde pa K20 pa K100 iliyonse, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi wokha chikanakhala K81,000, kuposa ndalama yonse imene likudyera pamwezi.

Wina afunsa kuti bwanji osangobweza za alamu ndi za paokala nthawi imodzi ndalama ikadalipo. Ngati mumadzidziwa kuti ndalama siigona m'manja mwanu, chitani zimenezo, n'zabwino kuposa kuidya. Koma ngati mungathe kuisunga, kubweza pang'onopang'ono ngongole yopanda chiwongoladzanja kumakusiyirani kothawira mwana akadwala, kuti musabwererenso kwa wakatapila.

Nanga bwanji ndingogulitsa chimanga ndithane nazo zonse?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, aliyense akugulitsa, n'kukwera m'Januwale ndi m'Febuluwale, aliyense akugula. Wogulitsa chakudya chake m'Juni amadzachigulanso modula m'dzinja, kawirikawiri ndi ndalama ya ngongole. Ngongoleyo sinathe, yangosintha mwezi.

Werengani kaye pakamwa. Thumba la makilogalamu 50 limatha masabata angati pakhomo panu? Ngati ndi atatu, pachaka mufunika matumba 18. Onjezerani awiri kapena atatu a maliro, alendo ndi olipira aganyu. Opitirira pamenepo ndiwo ogulitsa. Osungawo muwateteze ndi mankhwala kapena muwaike m'matumba a PICS, chifukwa nankafumbwe akadya matumba atatu ndiye kuti waboola bajeti ya Malichi.

Pali nthawi imodzi yokha imene ine ndingavomereze kugulitsa thumba limodzi kapena awiri a chakudya, kapena mbuzi: pofuna kuthetseratu katapila, poti iyeyo amakula msanga kuposa mtengo wa chimanga. Ngakhale pamenepo lembani m'kope kuti dzenje mwakumbalo mudzalikwirira ndi chiyani, kaya ndi mbatata, kaya ndi chimanga cha kudimba.

Pogulitsa soya ndi mtedza samalani sikelo. Mavenda ena amabera pa sikelo kuposa pa mtengo. Funsani ngati sikeloyo inayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, dziwani mtengo woyambira umene boma lalengeza chaka chimenecho, ndipo ngati kwanu kuli kopaletivi kapena kalabu ya NASFAM, kugulitsa pagulu kumakupatsani mawu. Kugulitsa mbewu ikadali m'munda, kulandiriratu ndalama m'Febuluwale kuti wina adzatenge soya m'Epulo, ndi katapila yemweyo.

Kubanki mkhonde chiwongoladzanja chimabwerera kwa ife tomwe pogawana. Ndiye vuto lili pati?

Banki mkhonde ndi chimodzi mwa zinthu zabwino zimene zinafika kumudzi. Njirayi inayambira ku Niger mu 1991 pansi pa bungwe la CARE, ndipo kuno yathandiza amayi ambiri kufolera nyumba ndi malata, kugula mbuzi ndi kuphunzitsa ana. N'zoona kuti phindu limagawidwa kwa mamembala. Koma limagawidwa motsatira masheya, osati motsatira chiwongoladzanja chimene munthu wapereka. Mayi wa masheya ochepa amene amabwereka kawirikawiri ndiye amanenepetsa thumba, ndipo pogawana m'Disembala gawo lalikulu limapita kwa wa masheya ambiri. Magulu ambiri amaika K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi. K150,000 pa K20, ikakhala miyezi itatu osabwezako kanthu ndipo chiwongoladzanja n'kumaunjikana, imafika K259,200.

Choopsa kwambiri ndi kulowa magulu awiri kapena atatu n'kumatenga uku kubweza uko. Munthu amaoneka wokhulupirika m'magulu onse mpaka mwezi wogawana, pamene onse afuna zawo nthawi imodzi. Ndi pomwe timamva kuti uje amusasulira malata, uje wathawira ku Lilongwe. Ngati muli pa ulendo wotuluka m'ngongole, khalani m'gulu limodzi, gulani masheya amene bajeti yanu ikukwanitsa, ndipo musabwereke pokhapokha ndalamayo ikukagwira ntchito yobweza yokha pasanathe miyezi itatu. Magulu ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti thumba likule. Lamulo lotere ndi lofunika kulitsutsa pamsonkhano wokonza malamulo a gulu, chaka chisanayambe, ndipo mudzapeza kuti simuli nokha amene likukupwetekani.

Ine ndimalima fodya wa pamgwirizano ndi kampani. Ngongole imeneyo ilowe pati?

Ilembedwe m'kope ngati zinzake, ngakhale kuti simuibweza ndi manja anu. Kuyambira 2012 fodya wambiri m'dziko muno amalimidwa pa mgwirizano: kampani imapereka mbewu, feteleza ndi mankhwala, n'kudzadula zake mabelo akagulitsidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Cholakwika chimene alimi ambiri amachita ndi kuwerengera ndalama ya mabelo onse, n'kutenga ngongole zina podalira nambala imeneyo. Pepala la malonda likabwera, pachoka ngongole ya kampani, pachoka za mayendedwe, ziguduli ndi misonkho ina, chotsala n'kukhala theka la zimene munalonjeza anthu. Bajeti imangidwe pa chotsalacho. Musanasaine mgwirizano funsani mtengo wa chilichonse chimene mukulandira, ndipo mulembe. Ngati muli m'kalabu imene mamembala amabwezerana ngongole mnzawo akalephera, dziwani bwino anthu amene mwamanga nawo mtolo umodzi.

Kuzembetsa mabelo kwa mavenda kuti kampani isadule kumaoneka kochenjera chaka chimodzi. Chaka chotsatira mulibe zipangizo, ngongole ilipobe, ndipo anzanu a m'kalabu akulipirira inu.

Mitengo ikukwera sabata ndi sabata. Bajeti yolembedwa m'Juni ingagwire bwanji ntchito m'Januwale?

Singagwire ngati mwailemba n'kuitsekera m'sutikesi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo aliyense anaona zimene zinachitikira mtengo wa feteleza, sopo ndi mafuta ophikira. Pali zinthu ziwiri zochita.

Choyamba, ndalama ya zinthu zimene mukudziwa kuti mudzazifuna isanduke zinthuzo msanga. Feteleza wa Novembala mugule m'Juni kapena m'Julayi, kwa wogulitsa wodziwika, n'kumusunga pouma. Chimodzimodzi mbewu, mchere, sopo wa miyezi ingapo. Thumba la feteleza limavutanso kulibwereketsa kapena kulimwera mowa kusiyana ndi ndalama ya m'thumba. Za feteleza wotsika mtengo wa boma musaziike m'bajeti dzina lanu lisanatuluke. Likatuluka ndi mwayi, likapanda kutuluka munda usagone.

Chachiwiri, tsiku loyamba la mwezi uliwonse khalani pansi muonenso manambala. Ku Dowa komweko kuli chitsanzo. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007, bungwe la Concern Worldwide linkapereka ndalama kwa mabanja amene anakolola zochepa, kudzera m'banki yoyenda pagalimoto ya Opportunity International. Ndalamayo siinali yofanana mwezi uliwonse. Ankaisintha poona mtengo wa chakudya pamsika ndi kukula kwa banja. Banja lanu lichite chimodzimodzi: gawo la Januwale ndi Febuluwale likhale lokulirapo kuposa la Julayi, pamene ndiwo ndi mbatata zili mbwee. Chinthu chikakwera mtengo, chepetsani mayunitsi kapena maulendo. Gawo la ngongole likhale lomaliza kukhudzidwa.

Ndalama ya miyezi 12 ndiisunge kuti? M'nyumba siikhalitsa, achibale akangomva kuti tagulitsa amabwera.

Isakhale malo amodzi, ndipo yambiri ikhale kovuta kufikako. Ya mwezi uno ikhale m'nyumba. Ya miyezi iwiri yotsatira itha kukhala pa Airtel Money kapena Mpamba, pokumbukira kuti kutapa kulikonse amadula kenakake, ndiye tapani kamodzi pamwezi, osati tsiku ndi tsiku. Yotsala ipite kubanki kapena ku SACCO. Ulendo wa ku Mponela kapena ku boma umaoneka wotopetsa, koma kutalikako kumateteza ndalama.

Mu 2009 akatswiri anayi, Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, anachita kafukufuku pakati pa alimi a fodya m'chigawo chapakati. Alimi ena anathandizidwa kuti ndalama ya fodya izilowa m'maakaunti osungira m'malo moilandira yonse pamanja. Alimi amenewo anagwiritsa ntchito zipangizo zambiri nyengo yotsatira, ndipo anakolola zochuluka kuposa anzawo.

Za achibale, sindingakuuzeni kuti muwatsekere chitseko. Mawa ndinu mudzagogoda kwawo. Koma thandizo likhale ndi gawo lake m'bajeti, ndipo likatha mutha kunena zoona: "Malume, ya mwezi uno yatha, ndikubweza ngongole." Munthu amene akubweza ngongole alibe chifukwa chobwerekera ndalama kuti aoneke wopatsa.

Maliro, ziliza, zinkhoswe ndi maukwati sizingalembedwe m'bajeti. Kapena zingatheke?

Maliro ndi matenda sizipangana ndi munthu tsiku. Chakudza sichiimba ng'oma. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija tinapatula K60,000, ndipo n'chifukwa chake thumba ladzidzidzi la kubanki mkhonde ndi lofunika kulisonkhera mokhulupirika. Koma chiliza, chinkhoswe ndi ukwati tsiku lake timasankha ndife. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala midzi ya Dowa ndi Ntchisi imakhala pa chisangalalo, ndipo ndalama yambiri ya zokolola imathera pamenepo: simenti, mbuzi, mowa, zovala zofanana, pelekanipelekani. Mwambo ndi wathu, ndipo ndi wofunika kuulemekeza. Komabe chiliza chomangidwa ndi ndalama ya katapila chimasiya adzukulu a malemuyo ndi njala. Mwini mbumba atha kuitana abale n'kunena kuti chaka chino tisonkhe, chaka chamawa timange. Palibe mwambo umene waphwanyidwa pamenepo.

Palinso dzenje lina limene sitikonda kulitchula: mowa wa pamsika sabata yogulitsa fodya, kubetcha mpira, ndi kandege wa pafoni. Wobetcha kuti abweze ngongole amaonjezera ngongole. Ndi bwino bambo akhale ndi kandalama kake kolembedwa m'bajeti, kodziwika kukula kwake, kusiyana ndi kulemba kuti sadzamwanso kenako n'kumatapa mobisa.

Amuna anga ndiwo amasunga ndalama ya fodya ndi soya, ine sindidziwa kuti yabwera zingati. Nanenso ndili ndi ngongole imene iwo sakuidziwa. Titani?

Bajeti ya munthu mmodzi m'nyumba ya anthu awiri siigwira. Mayi ndiye amadziwa kuti thumba la ufa limatha liti ndi kuti mchere wakwera. Bambo ndiye waona pepala la ku okushoni. Aliyense ali ndi theka la nkhani. Munda munalima nonse, kaya ndi pachikamwini kaya ndi pachitengwa, ndiye ndalama yake iwerengedwe pamaso pa nonse.

Sankhani nthawi yabwino, mbewu zisanagulitsidwe, osati wangongole ali pakhomo. Mutha kuyamba ndi yanu: "Bambo a ana, pali ngongole imene ndinatenga kubanki mkhonde mwana atadwala. Ndikufuna tiione pamodzi, ndi zina zonse zimene tili nazo." Inunso abambo, mayi akaulula musawakalipire, chifukwa mukatero ngongole yotsatira simudzaimva mpaka tsiku lodzasasula malata. Ngati nkhani ya ndalama imabweretsa ndewu m'nyumba, itanani ankhoswe kapena akuluakulu a mpingo akhalepo. Pakakhala kumenyana, imeneyo ndi nkhani ya ku Victim Support Unit kupolisi.

Ine ndine mphunzitsi. Malipiro akalowa, okongoza ndalama amakhala atadula kale, ndipo khadi langa la kubanki lili kwa wakatapila.

Yambani ndi pepala la malipiro. Lembani aliyense amene akudula, ndalama imene akudula, ndi mwezi umene adzamalize. Pitani kwa aliyense mukafunse ndalama yotsala, akulembereni. Kenako kanani ngongole yoonjezera imene amakuimbirani foni kuti mwayenera kulandira. Imeneyo imangotalikitsa zaka zodulidwa.

Khadi ndilo loyamba kuombola. Wakatapila akasunga khadi ndi nambala yachinsinsi, amatapa zake tsiku la malipiro, inu n'kutsala opanda kanthu, n'kubwerekanso kwa iye yemweyo sabata yomweyo. Ngongole yatsopano imene ndingaivomereze ndi imodzi yokha: yotsika chiwongoladzanja, yotengedwa kuti ithetse yokwera. Ma SACCO, amene ali pansi pa MUSCCO yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, monga Mphunzitsi SACCO ndi United Civil Servants SACCO, amabwereketsa mamembala awo pa chiwongoladzanja chotsika kwambiri poyerekeza ndi katapila. Mukatenga, ndalamayo ipite kwa wakatapila tsiku lomwelo, khadi libwerere, nambala yachinsinsi isinthidwe. Ngongole imodzi yodulidwa kumalipiro ikatha, ndalama imene yamasukayo musaizolowere. Ipite yonse pa ngongole yotsatira.

Wakatapila akundiopseza kuti adzatenga katundu. Lamulo likuti chiyani?

Malamulo a 2010, Financial Services Act ndi Microfinance Act, amafuna kuti wochita bizinesi yobwereketsa ndalama akhale ndi chiphaso chochokera kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank. Palinso lamulo la Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso. Kuopseza, kumenya kapena kuthyola nyumba chifukwa cha ngongole ndi mlandu. Wosowa ndalama ya loya atha kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Izi sizikutanthauza kuti ndalama ya mwini musabweze. Munatenga, bwezani. Njira imene imagwira msanga kumudzi ndi kupita kwa anyakwawa ndi mboni, n'kupempha kuti chiwongoladzanja chiime pamene chafika, inu muzibweza mwakutimwakuti pa masiku otchulidwa. Ambiri amavomera, chifukwa kulandira pang'onopang'ono kumaposa kuthamangitsa munthu wothawa. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka isainidwe. Chitupa cha unzika musapereke ngati chikole kwa wina aliyense.

Zonsezi ndi za nthawi yokolola. Ine ndikuwerenga muno m'dzinja, m'nkhokwe mulibe kanthu, ngongole zilipo. Ndichite chiyani lero?

M'dzinja simungathetse ngongole, koma mutha kuiletsa kukula ndi kuteteza zokolola zimene zidzaibweze. Lembani ngongole zonse lero. Pitani kwa eni ake mmodzimmodzi mukapemphe kuti adikire mpaka Meyi, ndipo kwa wakatapila pitani ndi mboni monga tanenera. Ngati pali nkhuku kapena mbuzi yogulitsa, ndalama yake ipite pa ngongole yobereka msanga.

Ganyu ndi wosapeweka m'miyezi imeneyi, koma gawanani ntchito kuti munda wanu upaliridwe ndi kubandiridwa pa nthawi yake. Banja lonse likathera sabata zitatu m'munda wa eni, udzu umadya chimanga chanu, ndipo njala ya chaka chamawa yayambira pomwepo. Kubwereketsa munda wonse kuti mupeze ndalama ya lero kumabweretsa zomwezo. Ngati palibe kuchitira mwina, bwereketsani gawo, kwa chaka chimodzi, pamaso pa anyakwawa. Makala a m'nkhalango ya Ntchisi musawaganizire n'komwe: lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo chindapusa chake chidzangokhala ngongole ina pamwamba pa zomwe muli nazo. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje akonzeretu mbewu ya mpiru, tomato ndi chimanga chachiwisi, chifukwa ndalama ya pamwezi imene imasunga bajeti yonseyi imachokera kumeneko.

Kenako, mbewu zikadali m'munda, khalani pansi awirinu mulembe kuti ndalama yoyamba idzapita kwa yani, yachiwiri kwa yani. Tsiku limene mudzagulitse thumba loyamba la soya, wakatapila alandire zake zonse musanalowe mumsika.